David Behncke

David Lewis Behncke (1 Meyi 1897 – 14 Epulo 1953) adali woyendetsa ndege wa ku United States amene adayambitsa bungwe la Air Line Pilots Association, lodziwika mwachidule kuti ALPA. Adalitsogolera zaka 20, kuyambira mu 1931 mpaka mu 1951. Amakumbukiridwa chifukwa chomenyera nkhondo malipiro a oyendetsa ndege, malire a maola oulukira pamwezi, ndi ufulu wa woyendetsa wokana kunyamuka ngati nyengo yaipa kapena ndege ili ndi vuto. Zambiri mwa zimenezi adazilowetsa m'malamulo a dziko bungwe lake lisanasayine pangano ngakhale limodzi ndi kampani. Pamapeto pake anthu omwe adawasonkhanitsa ndiwo adamuchotsa pampando.

Ubwana ndi usilikali

Behncke adabadwira pa famu ina pafupi ndi Cambria, m'chigawo cha Wisconsin, m'banja losauka lochokera ku Germany. Sukulu sadapite nayo patali. Ali ndi zaka pafupifupi 16 adathawa kwawo kupita mu mzinda wa Milwaukee kukasaka ganyu, koma adadwala chifuwa chachikulu nabwerera kumudzi. Atachira adalowa usilikali, ndipo mu 1916 adali m'gulu la asilikali amene General John Pershing adalowa nawo m'dziko la Mexico kukasaka Pancho Villa. Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkatha mu 1918, iye adali ataphunzira kuyendetsa ndege za usilikali.

Chimene ankachifunitsitsa chidali kukhala ofisala wokhazikika, koma kuchepa kwa maphunziro kudamutsekera njira. Nkhondo itatha adagula ndege yakale ya asilikali n'kuyamba kuyendayenda m'matauni kuonetsa masewera a m'mlengalenga ndi kukweza anthu pamtengo. Kenako adayendetsa bwalo la ndege la Checkerboard pafupi ndi Chicago, kumene ankaphunzitsa anthu kuuluka ndi kunyamula katundu wa amalonda. Mu 1921 adapambana mpikisano wa ndege wa mu mzinda wa Chicago, dzina lake n'kumveka m'nyuzipepala. Bizinesiyo sidakhalitse, ndipo pofika chapakati pa zaka za m'ma 1920 bwalo lija lidali litamuchoka m'manja.

Ntchito ya makalata

Masiku amenewo ndalama za ndege sizidali mwa anthu okwera koma m'makalata. Kuyambira mu 1918 positi ofesi ya boma idali ndi ndege ndi oyendetsa akeake. Ankauluka m'ndege zopanda denga, opanda wailesi, akulondola njanji ndi mitsinje, ndipo oposa 30 adafera pantchitoyi m'zaka zosakwana khumi. Mu Julayi 1919 oyendetsa awiri, Leon Smith ndi E. Hamilton Lee, adachotsedwa ntchito atakana kunyamuka kuli nkhungu yowirira, anzawo n'kunyanyala ntchito kwa masiku angapo. Funso limene adadzutsa ndi lomwe Behncke adadzalimbana nalo moyo wake wonse: wolamula kuti ndege inyamuke ndani, bwana wokhala mu ofesi kapena munthu amene akafe nayo?

Mu 1925 lamulo lotchedwa Kelly Act lidapereka ntchito yonyamula makalata kwa makampani. Behncke adayamba mu 1926 pa kakampani ka Charles Dickinson, kamene kankanyamula makalata pakati pa Chicago ndi Minneapolis. Kadagwa patangotha miyezi yochepa. Njirayo idatengedwa ndi Northwest Airways, ndipo Behncke adali mmodzi mwa oyendetsa ake oyambirira. Kumeneko adasemphana ndi Charles Holman, katswiri wa masewera a m'mlengalenga amene adali mkulu wa oyendetsa, pa nkhani ya ndege imene Behncke adaiona kuti siili bwino. Iye adakana kuiyendetsa, ndipo ntchito idamuthera pomwepo. Adabwerera ku usilikali kwa kanthawi, koma udindo wokhazikika uja adamukanizanso.

Mu 1928 adalembedwa ntchito ku Boeing Air Transport, kampani yaikulu imene pambuyo pake idakhala mbali ya United Air Lines. Ankauluka pakati pa Chicago ndi Omaha, mtunda wa makilomita pafupifupi 700, kuposa kawiri msewu wochoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Apa adali ndi zaka 31, atadutsa m'kampani imene idagwa, m'kampani imene idamuchotsa, n'kufika pamalo olipira bwino. Adali ataona kuti luso lokha silimuteteza munthu.

Kubadwa kwa bungwe

Oyendetsa ndege ankalipidwa molingana ndi mamailosi amene auluka, kuphatikiza ndalama yokhazikika ya pamwezi, ndipo kuuluka usiku kapena pamwamba pa mapiri kudali ndi mtengo wokwererapo. Chuma cha America chitagwa mu 1929, ndiponso boma litasintha kalipiridwe ka makalata mu 1930, makampani adayamba kudula malipiro ndi kulankhula zolipira pa ola m'malo mwa pa mailosi.

Kusintha kumeneku kungaoneke kwakung'ono, koma ndalama zonse zidagona pamenepo. Ndege za makalata zinkathamanga makilomita pafupifupi 160 pa ola. Zatsopano, monga Boeing 247 imene idayamba ntchito mu 1933, zinkayandikira 300. Munthu wolipidwa pa mailosi akapatsidwa ndege yothamanga amapeza zambiri pa nthawi yomweyo. Wolipidwa pa ola, ulendo umene unkamutengera maola anayi ukatha m'maola awiri, malipiro a ulendowo agawika pakati, ndipo ayenera kuuluka maulendo awiri kuti apeze zomwe ankapeza kale. Phindu lonse la liwiro likadapita kwa eni kampani.

Mu 1930 Behncke adayamba kukumana mobisa ndi oyendetsa anzake ochepa. Aliyense wodziwika kuti akusonkhanitsa anthu akadachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, choncho pa kampani iliyonse padasankhidwa munthu mmodzi wodalirika, ndipo m'makalata awo sankalemba maina koma zilembo za alifabeti. Pa 27 Julayi 1931 anthu 24 adasonkhana pa hotela ya Morrison ku Chicago n'kukhazikitsa ALPA, Behncke n'kukhala pulezidenti. Chaka chomwecho adalilowetsa mu American Federation of Labor, mgwirizano waukulu wa mabungwe a antchito. Oyendetsa ambiri sadakondwere nazo poyamba, chifukwa ankadziona ngati maofisala, osati anzawo a amisiri a m'mafakitale. Ofesi yoyamba ya bungweli idali m'nyumba mwake, ndipo ankagwira ntchito zake pakati pa maulendo a ku Omaha. Mfundo imene bungweli lidadzisankhira idali yakuti kusunga nthawi kuyendere limodzi ndi chitetezo.

Sitiraka ya ku Century

Mayeso oyamba adabwera msanga. E. L. Cord, mwini makampani opanga galimoto za Auburn ndi Cord, adalinso ndi kampani ya ndege ya Century Airlines ku Chicago. Pofuna kulanda ntchito ya makalata, adalonjeza boma kuti ainyamula pamtengo wotsika kwambiri, ndipo njira yake yotsitsira mtengo idali kudula malipiro a oyendetsa, amene adali kale otsika poyerekeza ndi a makampani ena. Mu Febuluwale 1932 oyendetsa oposa 20 amene adakana adapeza alonda a mfuti pabwalo, atauzidwa kuti asiye ntchito n'kufunsiranso pa malipiro atsopano. Adapita kwa Behncke.

ALPA idalibe ndalama zoti n'kugwetsera munthu ngati Cord. Mamembala a m'makampani ena adasonkherana kuti onyanyalawo apeze chakudya, koma nkhondo yeniyeni Behncke adaipititsa m'nyuzipepala ndi ku Nyumba ya Malamulo ku Washington. Kumeneko adapeza bwenzi, phungu wa ku New York Fiorello La Guardia, amene iyenso adayendetsapo ndege pankhondo. Uthenga wawo udali umodzi: woyendetsa wolipidwa pang'ono, wotopa, woopa kuchotsedwa, ndi ngozi kwa okwera. Cord sadapatsidwe makalata aja ndipo adagulitsa Century. Koma kunena kuti bungwe lidapambana kotheratu n'kuwonjeza, chifukwa chakumapeto kwa chaka chomwecho Cord adatenga ulamuliro wa kampani imene idagula Century, yomwe idalinso mwini wa American Airways. Chimene Behncke adaphunzirapo n'chakuti kabungwe ka anthu mazana ochepa kali ndi mphamvu zambiri pamaso pa aphungu kusiyana ndi pachipata cha kampani.

Chigamulo cha nambala 83

Mu 1933 makampani akuluakulu adagwirizana zoyamba kulipira pa ola kuyambira mu Okutobala. Behncke adaopseza kuti aimitsa ndege m'dziko lonse. Bungwe lake lidali lofooka moti sitirakayo ikadatha kulipha, koma chiopsezocho chidakwanira kuti boma la Franklin Roosevelt lipereke nkhaniyo ku National Labor Board, bungwe loweruza mikangano ya pantchito lotsogoleredwa ndi Senator Robert Wagner. Woweruza Bernard Shientag ndiye adamva umboni.

Chigamulo chisanatuluke, mu Febuluwale 1934, Roosevelt adathetsa makontirakiti onse a makalata chifukwa cha kafukufuku wa Senator Hugo Black, amene adaonetsa kuti njira zidagawidwa mokondera makampani akuluakulu. Ntchitoyo idapatsidwa kwa asilikali, amene sadazolowere kuuluka usiku m'nyengo yachisanu, ndipo oposa khumi adafa m'miyezi yochepa. Anthu otchuka monga Charles Lindbergh ndi Eddie Rickenbacker adadzudzula pulezidentiyo poyera. Behncke adaima naye, ngakhale mamembala ake ambiri adali atakhala pakhomo opanda ntchito chifukwa cha chiganizo chomwecho. Adali ataona kuti makalata adzabwerera kwa makampani, ndipo akamadzabwerera padzalembedwa lamulo latsopano.

Mu Meyi 1934 bungwe loweruza lija lidatulutsa chigamulo chake cha nambala 83, chodziwika kuti Decision 83. Chidanena kuti woyendetsa asapitirire maola 85 oulukira pamwezi. Malipiro chidawagawa patatu. Padali ndalama yokhazikika ya madola 1,600 pachaka, yokwera ndi madola 200 chaka chilichonse mpaka kufika 3,000. Padali ya pa ola, kuyambira madola 4 masana ndi 6 usiku pa ndege zoyenda pang'onopang'ono, n'kumakwera ndege ikamathamanga. Padalinso ya mamailosi. Mbali iliyonse idapezapo kanthu, koma chachikulu kwa oyendetsa chidali chakuti malipiro adamangiriridwa ku liwiro la ndege, kotero ndege yatsopano iliyonse inkabwera ndi malipiro okwererapo.

Pachokha chigamulochi chidalibe mano. Mano adabwera mu Juni 1934, pamene lamulo latsopano la makalata lidalamula kuti kampani iliyonse yofuna kontirakiti itsatire zigamulo za bungwe loweruzalo. Makampani aang'ono, amene adapata njira polonjeza mitengo yotsika, ndiwo adavuta. Long and Harman ya ku Texas idakana kulipira mitengoyo n'kuchotsa oyendetsa amene adadandaula. Behncke adaithamangitsa mpaka ku Washington, ndipo mapeto ake njira yake idagulidwa ndi Braniff.

Mu Disembala chaka chomwecho ndege ya Boeing 247 imene Behncke ankayendetsa idazima injini itangochoka ku Chicago. Adaitsitsira pamitengo pafupi ndi Western Springs. Okwera adapulumuka, iye n'kuthyoka mwendo. Kuchokera pamenepo adasiya kuyendetsa ndege za kampani n'kukhala pa ntchito ya bungwe yokha.

Zaka zotsatira adazithera m'makomiti a Nyumba ya Malamulo. Mu 1936 lamulo la mikangano ya pantchito la ogwira ntchito za njanji, Railway Labor Act, lidafutukulidwa kuti likhudzenso ndege. Ngozi zidamuthandiza kumveketsa mfundo yake: imfa ya Senator Bronson Cutting pa ndege ya TWA mu Meyi 1935, ndi ya woyendetsa wa Northwest Joe Livermore mu Disembala 1936, amene mkazi wake adachitira umboni kuti mabwana adamukakamiza kuuluka nyengo itaipa. Lamulo la Civil Aeronautics Act la 1938 lidatenga mfundo za chigamulo cha 83, lidakhazikitsanso bungwe lapadera lofufuza ngozi, chinthu chimene Behncke adachilimbikira chifukwa sankafuna kuti opanga malamulo azidzifufuza okha. Pangano loyamba la ALPA ndi kampani lidasayinidwa ndi American Airlines mu 1939, patatha zaka zisanu ndi zitatu bungwe chikhazikitsidwire.

Mndandanda wa zaka za ntchito

Mapangano adabwera kampani ndi kampani, ndipo m'menemo mudakhazikika dongosolo limene likulamulirabe moyo wa oyendetsa ndege ku America. Kampani iliyonse ili ndi mndandanda wa oyendetsa ake molingana ndi tsiku limene adalembedwa ntchito. Nambala ya munthu pa mndandandawo ndiyo imanena ndege imene ayendetse, mzinda umene akhale, masiku ake opuma, nthawi imene adzachoke pampando wa wothandizira kukhala kaputeni, ndiponso amene ayambe kuchotsedwa zinthu zikavuta. Kwa anthu a m'badwo wa Behncke ichi chidali chitetezo chenicheni, chifukwa bwana sakadathanso kukweza wokondedwa wake n'kusiya munthu wokana kuuluka m'nkhungu.

Koma nambala imeneyi munthu sasamuka nayo. Kaputeni wa zaka khumi pa kampani yaing'ono akalembedwa ku kampani yaikulu amakayambira pansi penipeni, pampando wa wothandizira, pa malipiro a chaka choyamba. Kampani ikagwa, zaka zonse zapita nayo. Vutoli lidayamba kuoneka bwino kuyambira mu 1945, boma litayamba kupereka zilolezo kwa makampani aang'ono otumikira matauni a kumidzi, monga Piedmont ndi Ozark. Ndege zawo zidali zazing'ono, zoyenda pang'onopang'ono, zotera pafupipafupi, ndipo popeza malipiro adatsata liwiro, pambuyo pake ndi kulemera kwa ndege, oyendetsa ake ankagwira ntchito yotopetsa kwambiri pa ndalama zochepa. Dongosolo lomwe lidalemeretsa kaputeni wa ndege yaikulu ndi lomwe lidaika mnzakeyo pansi pa makwerero.

Othandizira oyendetsa nawonso adatsalira: kwa zaka zambiri ankalandira ndalama yokhazikika ya pamwezi, yotsika kwambiri, ndipo mawu awo m'bungwe adali ochepa. Ena sadaloledwe n'komwe kulowa. Helen Richey, mkazi woyamba kulembedwa ngati woyendetsa pa kampani yonyamula anthu ku America, adayamba ntchito ku Central Airlines mu Disembala 1934, koma bungwe lidamukana umembala ndipo adasiya mu 1935. Panthawi yonse ya moyo wa Behncke padalibe munthu wakuda woyendetsa ndege ya kampani yaikulu yonyamula anthu. Khomo limenelo lidatsegulidwa ndi khothi lalikulu la dzikolo mu 1963 pa mlandu wa Marlon Green.

Kuchotsedwa ndi imfa

Nkhondo yachiwiri itatha kudabwera ndege za injini zinayi monga Douglas DC-4 ndi Lockheed Constellation, ndipo mkangano wa liwiro udabukanso. Oyendetsa a TWA adanyanyala ntchito kwa masabata oposa atatu kuyambira mu Okutobala 1946. A National Airlines adanyanyala kuyambira mu Febuluwale mpaka Novembala 1948, mwini wake George Baker akulemba anthu ena m'malo mwawo. Mu 1948 momwemo ALPA idali m'gulu la mabungwe amene adakhazikitsa IFALPA ku London, mgwirizano wa mabungwe a oyendetsa ndege a m'maiko osiyanasiyana.

Bungwe lidali litakula kufika mamembala zikwi zingapo, ambiri mwa iwo achinyamata ochokera kunkhondo amene sadaone za Cord ndi Century. Behncke adapitiriza kuliyendetsa monga ankachitira m'nyumba mwake. Kalata iliyonse idayenera kudutsa m'manja mwake, zokambirana za mapangano zinkachedwa miyezi, ndipo wotsutsana naye ankamuyesa wogulidwa ndi makampani. Mtima wake wonse udapita pa nyumba ya likulu imene ankamangitsa pafupi ndi bwalo la ndege la Midway ku Chicago, ndipo ankatsatira kanthu kalikonse ka mamangidwe ake ntchito za mamembala zikudikira. Antchito a mu ofesi ya ALPA, atatopa ndi maola aatali, adayambitsa bungwe lawolawo lodzitetezera kwa iye.

Mu Julayi 1951 akuluakulu a bungwe adamuchotsa pampando, n'kumulonjeza penshoni ya moyo wake wonse. Iye adakana n'kupita kukhothi. Woweruza wina ku Chicago adagamula mokomera iye mu 1952, koma khothi la apilo lidasintha chigamulocho chaka chomwecho. Mpando udatengedwa ndi Clarence Sayen, wothandizira woyendetsa wa ku Braniff, wophunzira mpaka ku yunivesite. Behncke adamwalira ndi matenda a mtima ku Chicago pa 14 Epulo 1953, ali ndi zaka 55.

Zotsatira za ntchito yake

Boma la America litachotsa ulamuliro wake pa njira ndi mitengo ya ndege mu 1978, makampani akuluakulu adayamba kupereka maulendo afupiafupi kwa makampani a m'zigawo, amene amauluka ndi dzina ndi utoto wa kampani yaikulu koma ali ndi mndandanda ndi malipiro awoawo. Njira ya woyendetsa wachinyamata idakhala yoyambira kumeneko kusonkhanitsa maola, kenako n'kufunsira ku kampani yaikulu n'kukayambanso pansi. Kusiyana kwa malipiro kudaonekera poyera ndege ya Colgan Air itagwa pafupi ndi Buffalo pa 12 Febuluwale 2009, n'kupha anthu 50. Kafukufuku adaonetsa kuti wothandizira woyendetsa ankalandira madola pafupifupi 16,000 pachaka, ndipo adafika kuntchito atayenda usiku wonse kuchokera ku Seattle, kumene ankakhala. Lamulo la 2010 lidabweretsa malire atsopano a kutopa, ndipo kuyambira mu 2013 wothandizira aliyense pa kampani yonyamula anthu amafunika chiphaso chimene nthawi zambiri chimalira maola 1,500 oulukira.

ALPA idaphatikizana ndi bungwe la oyendetsa ndege a ku Canada mu 1997, ndipo ndi bungwe lalikulu koposa la oyendetsa ndege padziko lonse. Mbiri ya Behncke ndi ya zaka zoyambirira za bungweli idalembedwa ndi George E. Hopkins m'buku lotchedwa Flying the Line, limene lidatuluka mu 1982.